Msonkho wa Buku pa Chipata cha Dziko

Pakati pa katundu yense wodutsa pa zipata za dziko la Malawi, buku ndi chimodzi mwa zinthu zowerengeka zimene mapangano a maiko amati zilowe popanda msonkho wa kasitomu. Galimoto, zovala, mipando ndi wailesi zimawerengedwa mtengo wake ndi kudulidwa msonkho, koma buku losindikizidwa linamasulidwa kalekale. Komabe aphunzitsi ndi makolo a m'boma la Mzimba, kuyambira pa Jenda ndi pa Embangweni kukafika pa Boma penipeni, amadziwa bwino kuti buku lochokera kunja limawapeza lili ndi mtengo woboola m'thumba. Ngati pa chipata salipiritsa, nanga ndalama zonsezo zimatsalira kuti?

Funsoli si lachilendo ku Mzimba, pakuti mabuku a m'derali akhala oyenda maulendo aatali kuyambira pachiyambi. M'chaka cha 1902, pamene m'busa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia anakhazikitsa mishoni ya Loudon pa Embangweni, m'dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, katundu wochokera ku Scotland ankakwera mtsinje wa Zambezi, nalowa mu Shire, nawoloka nyanja, ndipo amtengatenga ndiwo ankamsenza pamutu kukwera naye mapiri. Amishoni anali ndi makina osindikizira ku Khondowe, koma mapepala ndi inki zinali zochokera kutsidya kwa nyanja. Pambuyo pake, mu 1948, kunakhazikitsidwa bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, limene likulu lake linali ku Lusaka, ndipo mabuku a Chinyanja ndi Chitumbuka ankawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire. Wophunzira wa ku Mzimba ndi mnzake wa ku Lundazi ankatha kugwira buku lofanana.

Pangano la ku Florence

Ufulu wa buku pa chipata unachokera ku bungwe la UNESCO. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, maiko anaona kuti nyumba zambiri zosungiramo mabuku zinali zitapserera ndipo misonkho inkalepheretsa nzeru kuyenda. Motero mu 1950, pa msonkhano wa mumzinda wa Florence ku Italy, anagwirizana kuti mabuku, nyuzipepala, mapu ndi zipangizo zina za maphunziro zisamalipiridwe msonkho wa kasitomu polowa m'dziko. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu 1952, ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 1965, patangopita chaka chimodzi chilandirire ufulu wodzilamulira. Mu 1976 msonkhano wa ku Nairobi unawonjezerapo zinthu zina.

Tsono pangano limeneli lili ndi malire ake, ndipo ambiri sawadziwa. Limaletsa msonkho wa kasitomu, koma sililetsa boma kudula msonkho wa malonda wa m'dziko momwemo, malinga ngati buku lakunja silikulipitsidwa koposa buku losindikizidwa kwawoko. Sililetsanso ndalama zolipirira ntchito imene yagwiridwa pa katunduyo. Limalolanso boma kukaniza buku kulowa pa zifukwa za chitetezo kapena za makhalidwe, ndipo m'dziko muno, pansi pa lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo, mabuku mazanamazana analetsedwa m'nthawi ya chipani chimodzi. Chipata chinali chotsegula ku mbali ya msonkho, chotseka ku mbali ya maganizo.

Kuno kwathu msonkho wa malonda unkatchedwa surtax kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2005 unalowedwa m'malo ndi VAT. Wotolera ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000 litaphatikiza nthambi ya kasitomu ndi ya msonkho wa malipiro. Lamulo la 2005 linaika mabuku osindikizidwa m'gulu la zinthu zosadulidwa VAT. Pamenepa Malawi anachita bwino kuposa anzake ena, pakuti dziko la Kenya linaika msonkho wa 16 pa 100 iliyonse pa mabuku mu 2013, ogulitsa ndi osindikiza mabuku akudandaula kolimba.

Kumene ndalama zimatsalira

Choyamba, buku limatha kudulidwa msonkho lisananyamuke n'komwe. Palibe boma m'dziko muno lodziwika ndi maulendo a ku Joni koposa Mzimba, kuyambira masiku a Wenela ndi TEBA kufikira anyamata opita okha a masiku ano. Ambiri mwa iwo amakumbukira abale awo a pa sukulu powagulira dikishonale kapena buku la masamu m'masitolo a ku Johannesburg. Koma dziko la South Africa silisiyanitsa buku ndi katundu wina: limadula VAT yonse, imene inakwera kuchoka pa 14 kufika pa 15 pa 100 iliyonse mu April 2018. Ndiye kuti pa buku logulidwa R230, R30 ndi msonkho. Malamulo akumeneko amalola mlendo wosakhala m'dzikomo kuitanitsa msonkhowo potuluka ngati wagula zinthu zoposa R250 ndipo wasunga malisiti, ndiponso sitolo ikatumiza yokha katundu kunja kwa dziko msonkhowo sudulidwa. Koma mnyamata wogwira ntchito m'munda wa maluwa kapena m'khitchini ku Johannesburg amagula pa kauntala ngati wina aliyense, napereka katoniyo kwa onyamula katundu opita kumudzi. Mwa njira imeneyi mwana wa ku Edingeni amasonkhera boma la ku Pretoria asanatsegule tsamba loyamba. Ku Mangalande n'kosiyana: mabuku a mapepala sadulidwa VAT, ndipo kuyambira pa 1 May 2020 ngakhale owerengera pa kompyuta anamasulidwa.

Chachiwiri ndi mtunda. Buku ndi katundu wolemera, ndipo wonyamula salabadira za nzeru zili m'katimo. Iye amayang'ana sikelo ndi kukula kwa katoni. Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Mzimba ndi makilomita oposa 2,000, kudzera pa Beitbridge, pa Nyamapanda, mu Tete, kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, kenaka kutsata msewu wa M1 kudutsa Kasungu ndi Jenda. Lole iliyonse imalipira za msewu ndi za mapepala m'maiko onse imene yadutsa, ndipo ndalamazo zimagawidwira katundu yense ali pamwamba pake, buku lomwe. Mabuku odzera pa nyanja yamchere amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo ulendo wa pamtunda umayambira pamenepo. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za Beira ndi Nacala, katundu wambiri ankazungulira ku Durban, mitengo ya zinthu zonse n'kukwera. Dziko lopanda doko limalipira mtunda kawiri.

Chachitatu ndi ntchito ya pa chipata. Kusalipira msonkho sikutanthauza kudutsa osaima. Katundu aliyense ayenera kuululidwa kwa akasitomu, ngakhale wopanda msonkho, ndipo akakhala wochuluka pamafunika ejenti womuombola, amene amalandira malipiro ake. Mapepala akachedwa, nyumba yosungiramo katundu imawerenga masiku, ndipo katundu wosaomboledwa nthawi yaitali boma limatha kumgulitsa. Palinso msampha wina. Akasitomu a dziko lonse lapansi amatsata ndandanda imodzi ya katundu, m'mene mabuku osindikizidwa ali m'mutu 49, pamene mapepala ndi makope olembamo ali m'mutu 48. Zolembera, zikwama, makompyuta ndi nsapato chilichonse chili ndi mutu wake ndi msonkho wake. Munthu akalonga mabuku khumi pamodzi ndi mabulangete ndi wailesi m'katoni imodzi popanda kulemba za m'katimo, mkulu wa kasitomu sangalote kuti pansi pali mabuku. Ndipo wonyamula katundu akamauza mwini wake kuti walipira msonkho wa katoni yonse, mwiniyo alibe poyambira kutsutsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zimenezi zimakhudzanso wolowa ndi mabuku kuchokera ku Lundazi kudzera pa chipata cha Mqocha, ngakhale wolandira mtokoma pa positi ofesi ya pa Boma.

Ngakhale mabuku amphatso sayenda ulere. Pa 18 December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, kumpoto kwa boma lomweli, ndi mabuku pafupifupi 45,000. Akufuna kwabwino a m'maiko akunja anasonkhanitsa mabuku ena, monga momwe bungwe la Book Aid International, limene linayamba mu 1954, lakhala likutumizira mabuku ku National Library Service ya dziko lino. Koma kontena iliyonse yotere imafuna wolipira sitima, wolipira lole ndi womuimirira pa chipata. Sukulu ya kumudzi imene yalonjezedwa mabuku ndi abwenzi akunja iyenera kufunsa msanga kuti adzalipire zimenezi ndani, kuopa kuti mphatso ingasanduke ngongole.

Chachinayi, chimene chimaluma koposa zonse, ndi ndalama zakunja. Wosindikiza wa ku London kapena ku Cape Town salandira kwacha. Pamene kwacha inkayamba mu 1971, K2 inkasinthidwa ndi paundi imodzi ya ku Mangalande. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 banki yaikulu ya Reserve inasuntha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Buku la madola 10, limene linali K11,800 madzulo, linadzuka lili K17,000 m'mawa, popanda nduna kulengeza msonkho uliwonse. Olemba pangano la ku Florence anaoneratu vutoli, pakuti analembamo kuti maiko azipereka zilolezo ndi ndalama zakunja zogulira mabuku opita ku malaibulale ndi ku masukulu. Koma madola akasowa m'mabanki, mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ndizo zimakhala patsogolo, wogulitsa mabuku n'kuima kumapeto kwa mzere.

Mitengo ya ku Chikangawa

Wina angafunse kuti, ngati buku lakunja likuvuta chotere, bwanji osangosindikiza konkuno? Makampani alipo ndithu, monga CLAIM imene inayamba mu 1968 ndi Dzuka ya mu 1975. Koma apa ndi pamene pali mfundo yodabwitsa. Buku lomalizidwa kale limalowa laufulu, pamene mapepala, inki ndi zitsulo za makina, zimene wosindikiza wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe amaitanitsa kunja, sizitetezedwa ndi pangano la 1950. Msonkhano wa ku Nairobi unaikamo gawo la zipangizo zopangira mabuku, koma unasiyira dziko lililonse ufulu wolilandira kapena kulikana. Komanso katundu akakhala m'gulu losadulidwa VAT, womupanga saloledwa kuitanitsa msonkho umene analipira pogula zipangizo zake. Amangouphatikiza pa mtengo wa buku. Msonkho umene suoneka pa lisiti umabisala m'tsamba lililonse.

Anthu a ku Mzimba ndiwo ayenera kuimva bwino nkhaniyi, chifukwa nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa ndi cholinga chimenechi. Boma linafuna kuti mitengo ya paini ija idzadyetse fakitale yopanga zamkati za mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inachekedwa matabwa, malole nawatulutsa m'dziko, ina inapsa ndi moto wolusa, ndipo mpaka lero pepala losindikizapo buku la mwana wa ku Mzimba limagulidwa ndi madola.

Zoyenera kuchita

Zina mwa izi n'zotheka kwa munthu wamba. Wotumiza mabuku awalonge paokha, alembe ndandanda ya maina ndi mitengo yake, amate kope lina kunja kwa katoni, ndipo asunge malisiti. Wogula mabuku ambiri apemphe sitolo kuti itumize yokha, kuti msonkho wa dziko la eni usadulidwe. Mphunzitsi wamkulu woyembekezera mphatso alembere a Malawi Revenue Authority katundu asananyamuke, osati atafika kale pa doko. Ndipo aliyense wouzidwa kuti alipire, afunse dzina la msonkhowo ndi kulandira lisiti la boma.

Zinazo n'za aphungu ndi a nduna ya zachuma: kupeputsa msonkho wa mapepala osindikizira mabuku, ndi kuika mabuku a sukulu pa ndandanda ya zinthu zoyamba kupatsidwa ndalama zakunja. M'sukulu zambiri za sekondale zoyendera za kumwera kwa Mzimba si zachilendo kupeza ophunzira angapo ataunjikana pa buku limodzi, mayeso a MSCE ali pafupi. Mayesowo safunsa ngati mwana anali ndi buku lakelake kapena ankadikira mnzake kuti atsegule tsamba. Lonjezo limene dziko lino linavomera mu 1965 linali lakuti buku lisaimitsidwe pa chipata, ndipo lidzakhala litakwaniritsidwa pokhapokha bukulo likamafika pa desiki la mwanayo pa mtengo umene kholo lake lingathe.