Gaga wa Nkhunda Asasanduke Phwando la Makoswe

Mabanja ambiri m'mawodi athu amaweta nkhunda, nkhuku ndi nkhanga, ndipo chizolowezi n'chomwaza gaga, mapira kapena chimanga pabwalo. Mbalamezi zikatola n'kukhuta, zotsala zimagona pansi. Masana agologolo amatsika m'mitengo kudzatolako, koma mwini phwando weniweni ndi khoswe, yemwe amafika kukada.

Khoswe wamkazi amatenga bere kwa masabata atatu okha, amaswa ana asanu kapena kuposa, ndipo anawo amayamba kuswana atatha miyezi itatu. Pakhomo pamene chakudya sichisowa, misampha singapose kuswana kotereku. Akakhazikika kukhola amaba mazira, amapha anapiye ndi maunda, kenako n'kulowa m'matumba a chimanga m'nyumba.

Choyamba tsono ndi kuyeza chakudya. Perekani m'mawa kapena masana, m'chiwiya osati padothi, mlingo woti chithe dzuwa lisanapendeke. Madzulo sesani zotayikira ndi kuchotsa chiwiyacho pamodzi ndi chomwera madzi. Gaga asungidwe m'ndowa yachitsulo yovundikira, pakuti thumba ndi pulasitiki khoswe amaboola. Mizati ya khola ivekedwe malata opindidwa ngati chipewa, ndipo nthambi zoyandikira khola zidulidwe, chifukwa ndiwo mlatho wa gologolo ndi khoswe yemwe.

Ambiri amathamangira tameki wogulitsidwa m'misika. Poizoni ameneyu sasankha: amapha nkhuku, galu, mphaka, ngakhale mwana wokwawa. Kadzidzi naye, yemwe ambirife timamuopa, amagwira makoswe usiku wonse osalipidwa, koma akadya khoswe wapoizoni amafa.

Palinso chifukwa china chosafulumirira kupha. Utitiri wa pa makoswe umafalitsa mliri wa makoswe, matenda otupitsa mwanabele, amene anabuka ku Nsanje mu 2002. Khoswe akafa, utitiri umachoka pamtembo kukasaka magazi ena, ndipo oyandikira ndi anthu a m'nyumbamo. Choncho khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Mutoleni ndi fosholo n'kumukwirira mozama. Mukaona makoswe akufa okha mochuluka, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Khoswe sadziwa malire a ploti. Mukasesa inu nokha, adzadya kwa anansi n'kudzagona kwanu. Nkhaniyi itengereni ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu kapena kwa khansala wa wodi yanu, kuti makomo oyandikana agwirizane sabata imodzi yolambula tchire, kukwirira maenje a zinyalala ndi kutchera misampha.