Pikiapu ikafooka pamtunda, mlandu si wa kabuleta nthawi zonse

Tomato sadikira munthu. Wamalonda amene waoda madengu ake pa Lizulu kapena pa Bembeke m'bandakucha amadziwa kuti ola limodzi lotayika panjira ndi ndalama. Akafika mochedwa mumsika wa Lilongwe amapeza opikula atagula kale kwa ena, iye n'kutsala ndi katundu woti agulitse pamtengo wolira. Maulendo ena otere akuyendabe pa mapikiapu akale a petulo, monga Nissan 1400 imene inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndi Toyota Hilux ya injini za 2Y, 3Y ndi 4Y. Galimotozi zilibe kompyuta, choncho makaniko wa pansi pa mtengo amazitha. Vuto lake ndi lakuti aliyense wogwira sikuludiraiva amadziyesa dokotala wa kabuleta.

Galimoto ikangoyamba kukana liwiro, mawu oyamba pagalaja amakhala akuti kabuleta yatha. Wina amapotokola kasikulu ka m'munsi mwake, mwini galimoto n'kulipira. Komatu kasikulu kameneko kamangolamulira mafuta pamene injini ikulira galimoto itaima. Pamtunda, dalaivala ataponda moto, sikathandiza kanthu. Chofunika ndi kuyamba ndi funso limodzi: kodi galimotoyo ikufooka motani? Kafookedwe kake ndi kamene kamaloza pamene pali nthenda.

Injini ikamalira kwambiri koma galimoto osathamanga, nkhani si ya mafuta ayi, ndi kilatchi imene yatha. Kuyesa kwake n'kosavuta: dalaivala aike giya yomaliza akuyenda pang'onopang'ono, aponde moto mpaka pansi. Phokoso likakwera liwiro osakwera, nthawi zina ndi fungo la kupserera, mlandu watha. Mabuleki ogwira nawonso amanamiza anthu. Pakatha makilomita angapo, munthu ayandikitse dzanja pa limu iliyonse. Imene yatentha kuposa zinzake ndiye ikukoka galimoto, ndipo kawirikawiri ndi waya wa handibuleki amene wauma ndi matope a dzinja.

Kufooka kwina ndi kwa kamphindi. Dalaivala akaponda moto mwadzidzidzi injini imatsamwa ngati izima, kenako n'kudzuka. Apa pokha kabuleta ikhoza kukhala ndi mlandu, koma si yonse. M'kati mwake muli kapampu kamene kamalavula petulo pang'ono phazi likangoponda. Injini itazima, munthu achotse chivundikiro cha fyuluta ya mpweya, asuzumire kukhosi kwa kabuleta, mnzake aponde moto kamodzi. Payenera kuoneka kamzere ka petulo kakuthira. Kakapanda kuoneka, ndiye kuti kalabala ka pampuyo kang'ambika kapena kabowo kake katsekeka. Zimenezi zimapezeka mu kiti yokonzera kabuleta, imene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kabuleta yathunthu. Pa mwayi womwewo, mnzakeyo aponde mpaka pansi kuti zioneke ngati zitseko za kabuleta zikutseguka zonse. Waya wa moto akatamuka, phazi limafika pansi koma chitseko n'kungotseguka theka. Kukonza kwake ndi sipanala ndi mphindi zisanu.

Kalabalako kali ndi chifukwa china chothera msanga kuno. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982. Ethanol amakoka chinyezi, komanso amafewetsa malabala ndi mapaipi akale amene sanapangidwire mafuta otere. Galimoto ikaima milungu ingapo thanki ili ndi mafuta ochepa, madzi amadikha pansi, dzimbiri n'kuyamba. Tikaonjezapo petulo wa m'zigubu amene anthu amagula pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, amene nthawi zina amabwera ndi fumbi kapena atathiridwa palafini, thanki imasanduka chithaphwi.

Zotsatira zake zimaonekera pa mtunda wautali ngati wa Khwekhwerere. Galimoto imayamba bwino, pakati pa chitunda n'kuyamba kudukiza, ikaima pang'ono n'kupezanso mphamvu. Imeneyo ndi njala ya mafuta: kabakuli ka m'kabuleta kakutha msanga kuposa mmene pampu ikudzazira. Woyamba kumukayikira ndi fyuluta ya petulo, kachipangizo kotchipa kamene ambiri amakaiwala mpaka kada bii. Ikakhala yabwino, aone pampu ndi mapaipi ong'aluka amene akuyamwa mpweya. Palinso chivundikiro cha thanki. Galimoto ikangofooka, munthu atsegule. Pakamveka kuti fyuu, ndiye kuti kabowo kopumira katsekeka ndipo pampu ikulimbana ndi thanki yosalowa mpweya. Chizolowezi chothira petulo kukhosi kwa kabuleta injini ikulira, poti aone ngati idzuke, n'choopsa: moto umabwerera kumaso.

Utsi wakuda ku ekisozi ukutanthauza zosiyana ndi njala, mafuta achuluka kuposa mpweya. M'misewu ya fumbi fyuluta ya mpweya imatsekeka msanga, ndipo choki imene yakanirira osatseguka yonse imachita chimodzimodzi. Ndalama zimathera mu utsiwo. Mapulagi sanama pankhaniyi: akuda ndi mwaye akunena kuti petulo wachuluka, oyera mbee akunena kuti wachepa kapena mpweya ukulowera pena pamene gasiketi yatha, onyowa ndi oyilo akunena za m'kati mwa injini. Abwino amakhala ofiirira ngati tiyi wamkaka.

Mbali imene imanamiziridwa kabuleta koposa ndi ya moto wa mapulagi. Injini imene ikulira bwino itaima koma n'kumadumphadumpha ikasenza katundu nthawi zambiri imakhala ndi pulagi yotha, waya wa pulagi wotaya moto, kapena mapointi opserera. Mpata wa mapointi pa injini zambiri zoterezi ndi pafupifupi 0.45 mm, ndipo ukasintha, taimingi nayo imasuntha. Taimingi yochedwa imachititsa galimoto ulesi ndi kutentha. Yofulumira kwambiri imamveka ngati tizitsulo tikugundana pokwera mtunda, ndipo imeneyo imawononga mapisitoni. Kuika taimingi ndi khutu, monga ena amadzitamira, n'kungoyerekeza. Makaniko wabwino amagwiritsa nyale yake. Kapaipi kochokera ku kabuleta kupita ku distributor nakonso kaonedwe. Munthu akachotsa chivundikiro cha distributor n'kuyamwa kapaipiko, mbale ya mapointi iyenera kusuntha. Ikapanda kusuntha, galimoto imamwa mafuta ambiri ndi kulemera phazi. Wosintha mawaya akumbukire kuti injini zimenezi zimawotcha motsatana 1-3-4-2.

Pali kufooka kwina kumene si nthenda. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Pikiapu yonyamuka ku Salima ndi usipa ikafika ku Dedza imakhala yakwera mamita oposa 1,000, ndiye kuti chakhumi cha mphamvu chapita popanda chowonongeka. Nissan 1400 inapangidwira katundu wa pafupifupi theka la tani. Ikasenza matumba khumi ndi asanu a mbatatesi, eni katundu atakhala pamwamba, matayala ali ofwefweta, palibe makaniko angaichiritse.

Zonsezi zikaonedwa galimoto n'kukhalabe yaulesi, makamaka ngati ikutulutsa utsi wabuluu ndi kumwa oyilo, mpamene payenera kuyezedwa kompuresheni. Masilinda onse anayi asasiyane kuposa magawo khumi pa 100. Silinda imene yatsika, makaniko athiremo oyilo pang'ono n'kuyezanso. Nambala ikakwera, maringi ndi amene atha. Ikakhala pomwepo, vuto lili ku mavavu kapena gasiketi ya hedi. Mwini galimoto aimirire pomwepo poyeza, alembe manambala anayiwo papepala, ndipo asapereke ndalama ya ovaholo asanawaone ndi maso ake.