Mzinda wa Saffron ndi phunziro la mayina m'chilankhulo cha mwana

Tsiku lina tikuyendera aphunzitsi amene anali pa nyengo yoyeserera ntchito pa sukulu ina m'boma la Milange, tinapeza anyamata atatu a kalasi yachitatu atanjuta pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma. Mmodzi anali atajambula mzinda pa dothi ndi kamtengo, misewu inayi ikutuluka mu mzindawo, ndipo anzake ankamutsutsa za kumene msewu uliwonse umalowera. Mphunzitsi woyeserera uja atafunsa dzina la mzindawo, anamuuza kuti ndi Saffron, wa m'nkhani za Pokémon zimene amaonera pa foni ya mkulu wawo. Atafunsanso tanthauzo la dzinalo, mnyamata wojambula uja anayankha kuti, "Lilibe tanthauzo aphunzitsi, ndi la Chizungu basi."

Yankho limeneli ndi limene latichititsa kulemba mutu uno. Mwana amene wakhulupirira kuti mayina okoma amachokera kunja, ndiponso kuti sasowa tanthauzo, sachedwa kuyamba kupeputsa chilankhulo cha kwawo. Koma zoona zake n'zakuti dzina la mzinda wopekawu lili ndi tanthauzo, ndipo anthu amene analipeka anatsata njira imene Chichewa chimatsatanso.

Chiyambi cha mzindawu

Pokémon inayamba ngati masewera a pa kamakina ka m'manja kotchedwa Game Boy. Masewerawa anatuluka ku Japan m'chaka cha 1996, opangidwa ndi kampani ya Game Freak ndi kufalitsidwa ndi Nintendo. Mwini maganizowo, Satoshi Tajiri, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo touluka ndi tokwawa m'tchire, ndipo masewera ake anawamanga pa chikondi chomwecho: wosewera amayenda mzinda ndi mzinda kusaka tizilombo topeka, kutisunga ndi kutiphunzitsa kulimbana. Poyamba tizilomboti tinalipo 151, koma lero tapitirira 1,000. Makatuni ake anayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1997, ndipo ndiwo anatchukitsa Pikachu, kachilombo kachikasu kamene timakaona pa zikwama za ana ndi pa malaya a pa kaunjika m'misika yathu.

Dziko la m'masewera oyambawo limatchedwa Kanto, dzina limene linabwerekedwa ku chigawo chenicheni cha Japan kumene kuli Tokyo. Saffron ali pakati pa dzikolo. Msewu wakumpoto umapita ku Cerulean, wakumwera ku doko la Vermilion, wakum'mawa ku Lavender, ndipo wakumadzulo ku Celadon. Pa msewu uliwonse pali chipata ndi mlonda, ndipo wosewera saloledwa kulowa kufikira atabweretsera mlonda waludzu chakumwa. M'kati mwa mzinda muli nyumba yosanja ya kampani yopeka ya Silph, imene gulu la akuba la Team Rocket linalanda, ndipo wosewera ayenera kuiwombola.

Mayina amene anatanthauziridwa

Mfundo yofunika kwa ife aphunzitsi ndi yakuti mizinda yonseyi inatchedwa mayina a mitundu ya maonekedwe a zinthu. M'Chijapani, Saffron ndi Yamabuki, dzina la chitsamba cha maluwa achikasu, limenenso limatchula mtundu wa maluwawo. Celadon ndi Tamamushi, kachikumbu ka mapiko onyezimira mobiriwira. Vermilion ndi Kuchiba, mtundu wa masamba ogwa amene ayamba kuola. Mwana wa ku Japan akamva mayinawa amamva mawu a chilankhulo chake, otengedwa ku duwa, kachilombo ndi tsamba.

Masewerawa atapita ku America m'chaka cha 1998, otanthauzira sanasiye mayinawo m'Chijapani. Anafunafuna mawu a Chingerezi otchula mitundu, ndipo m'malo mwa duwa la yamabuki anasankha saffron, zokometsera chakudya zochokera ku duwa lina, zimene zimasandutsa mpunga kukhala wachikasu. Anachita zimenezi kuti mwana wolankhula Chingerezi naye apeze kanthu kodziwika m'dzinalo. Mwana wa ku Milange ndiye amalandira dzinalo lili gwa, popeza palibe amene analitembenuzira m'chilankhulo chake.

Tsono taonani mmene Chichewa chimachitira. Mawu akuti "chachikasu" amachokera ku chikasu, chomera chimene muzu wake umathimbiriritsa chala ndi nsalu. Timanena kuti chinthu n'chotuwa ngati phulusa, chofiira ngati phwetekere, chakuda ngati khala, chobiriwira ngati msipu. Nafenso timatenga dzina la mtundu ku chinthu chimene diso limachidziwa kale. Saffron m'Chichewa ndi Mzinda wa Chikasu, ndipo Chipwitikizi chimatipatsa mlatho wachitatu, pakuti mawu akuti açafrão ndi m'bale wake wa saffron, ndipo amagwiritsidwanso ntchito potchula ufa wa chikasu wothira m'ndiwo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'Mozambique anayesedwa koyamba kuyambira 1993 mpaka 1997 pansi pa ntchito ya PEBIMO, pogwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chishangana ku Gaza, ndipo anayamba kulowa m'sukulu za boma m'chaka cha 2003. Malamulo aakulu a dziko a 2004, m'ndime 9, amalemekeza zilankhulo za m'dziko ngati chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro, pomwe ndime 10 imati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma. Maziko a njira imeneyi ndi akuti mwana amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuganiza mozama m'chilankhulo chimene amachimva, kenako luso lomwelo amalisamutsira ku chilankhulo chachiwiri.

Komabe lamulo palokha silisintha mtima wa mwana. Ngati Chichewa chimamveka m'kalasi pokhapokha pofotokoza za mphero, chitsime ndi mbuzi, pomwe zonse zatsopano ndi zosangalatsa zimabwera m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, mwana amagamula yekha kuti chilankhulo chake n'cha zinthu zakale zokha. Ntchito ya mphunzitsi ndi kumuonetsa kuti Chichewa chingathe kupeka mzinda, kuutcha dzina ndi kulemba malamulo ake.

Mmene tingakonzere phunziro

Phunziro limene tikupereka pano silifuna foni, magetsi kapena kanema. Limafuna bwalo, timitengo ndi makope, ndipo lingagawidwe m'masiku atatu m'kalasi yachitatu.

Tsiku loyamba ndi la kulankhula. Mphunzitsi afotokoze mwachidule za mzinda wa misewu inayi ndi mmene dzina lake linachokera ku duwa, kenako afunse ana kuti atchule zinthu za kwawo zimene mtundu wake amaudziwa bwino: dothi la katondo, masamba a tiyi, nkhungu ya pa phiri la Tumbine, nandolo wouma, chimanga cha m'nkhokwe. Mawu onse alembedwe pa bolodi monga mmene ana awatchulira.

Tsiku lachiwiri ndi la kujambula ndi kutcha mayina. Ana m'magulu ajambule pa dothi mzinda wapakati ndi mizinda inayi youzungulira, akuyang'ana kotulukira ndi kolowera dzuwa kuti apeze kum'mawa ndi kumadzulo, kenako kumpoto ndi kumwera. Gulu lililonse litche mizinda yake, monga Katondo, Phulusa kapena Msipu, ndipo lifotokoze chifukwa chake. M'malo mwa tizilombo ta m'kanema, aikemo timene amatigwira okha: ziwala, ngumbi, nkhululu, mphalabungu. Pamenepa ana a kumudzi amaposa wina aliyense, pakuti amadziwa kumene kachilombo kalikonse kamakhala, nyengo imene kamatuluka ndi njira yokagwirira. Nzeru za mtundu umenewu ndi zimene Tajiri anayambira.

Tsiku lachitatu ndi la kulemba ndi kuoloka. Mwana aliyense alembe ziganizo zitatu kapena zinayi m'Chichewa, monga chakuti, "Mzinda wa Katondo uli kumpoto kwa Mzinda wa Chikasu." Akamaliza, mphunzitsi abweretse mawu a Chipwitikizi ochepa okha, monga norte, sul, amarelo ndi vermelho, ndipo awalembe pambali pa a Chichewa. Mwana amene wamvetsa kale kumpoto poima pabwalo sakuphunziranso ganizo latsopano. Akungolandira dzina lachiwiri la chinthu chimene ali nacho kale.

Zoyenera kusamala

Choyamba, si ana onse amene anaonerapo Pokémon, ndipo phunziro lisasanduke bwalo la ana a m'nyumba za mafoni. Nkhani ya Saffron ikhale khomo lolowera, mphindi zisanu zokha. Chachiwiri, m'makalasi ambiri a m'boma lino muli ana olankhula Chilomwe kunyumba. Apatseni mpata wotcha mizinda ina m'chilankhulo chawo ndi kufotokozera anzawo tanthauzo. Chachitatu, makolo ena sakondwa ndi makanema a zilombo zachilendo. Akafunsa, aonetseni makope kuti aone okha kuti ana alemba za ziwala ndi katondo.

Pomaliza, phunziroli likhoza kutsekula nkhani ya mayina enieni. Gurué ankatchedwa Vila Junqueiro, Lichinga ankatchedwa Vila Cabral, ndipo Maputo anali Lourenço Marques kufikira 1976. Ana a makalasi apamwamba angatumidwe kukafunsa agogo awo chiyambi cha dzina la mudzi, mtsinje kapena msika wa kwawo, n'kubwera nacho cholembedwa.

Ntchito kwa inu: sankhani mayina atatu mwa Cerulean, Vermilion, Lavender ndi Celadon, fufuzani mtundu umene lililonse likutchula, ndipo muwapezere mayina a Chichewa otengedwa ku zinthu za m'dera lanu. Mukonzekere kuteteza chisankho chanu pamaso pa anzanu m'Chichewa, kenako m'Chipwitikizi.