Kodi Mulungu Anamenyera Yani pa Mtsinje wa Kisoni?

Munthu wokhala pa Mulanje Mission, m'munsi mwa phiri lotalika mamita 3,002, sachita kuuzidwa za ukali wa madzi. Mvula ikagwa kumtunda, Likhubula ndi Ruo amadzaza mwadzidzidzi nakokolola miyala ndi mitengo yomwe. N'chifukwa chake nkhani ya pa Oweruza mutu 4 ndi 5 si yachilendo kwa Akhristu a mpingo wa CCAP pamishoniyi.

Yabini, mfumu ya Kanani, adazunza Aisraeli zaka 20. Kazembe wake Sisera adali ndi magaleta achitsulo 900, pamene Debora ndi Baraki adasonkhanitsa amuna 10,000 okha paphiri la Tabori. Galeta limaopsa pachigwa chouma, koma likaloŵa m'matope limatitimira. Nyimbo ya Debora isimba kuti mitambo idakhuthula madzi, ndipo mtsinje wa Kisoni udakokolola ankhondo a Sisera. Akhristu amaonapo dzanja la Mulungu, amene adasandutsa mvula chida choombolera ozunzika.

Komatu pamenepa mpoterera. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu ambiri ku Phalombe. Akuluakulu adati wadutsa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adachitanso zomwezo m'boma la Mulanje. Woŵerenga Oweruza mothamanga angafunse kuti: kodi okokolokawo adali adani a Mulungu?

Iyayi ndithu. Sisera adadza ndi nkhondo, pamene anthu a ku Muloza madzi adaŵapeza m'nyumba zawo. Yesu mwini, pa Luka mutu 13, adakana zoti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idaŵagwera adali ochimwa kuposa anzawo. Chimene nkhondo ya pa Kisoni iphunzitsa ndicho chakuti Mulungu amaima ku mbali ya munthu wopanda galeta.

Nyimbo yomweyo idzudzula fuko la Rubeni limene lidatsalira kumakola a nkhosa, nitemberera mudzi wa Merozi chifukwa sudadze kudzathandiza. Ngakhale Mulungu adali ndi mitambo m'manja mwake, adayembekezabe anthu kuti atsike phiri. Mphunzitsi ndi mnyamata womaliza sukulu amene abzala mitengo pamatsitso ometedwa, kapena kulandira banja losoŵa pogona, ndiwo aŵerenga bwino nkhaniyi. Paja akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire.