Kodi mafomu oyezera nyamakazi ya m'mawondo akuyeza zoona kwa odwala a ku Kanengo?

Nyamakazi ya mtundu wa osteoarthritis imayamba kamnofu koterera kokuta nsonga za mafupa kakaperepeseka, makamaka m'mawondo ndi m'chiuno. X-ray imaonetsa kuwonongekako, koma siionetsa kukula kwa ululu kapena ntchito zimene munthu wasiya kugwira. N'chifukwa chake ofufuza amagwiritsa ntchito mafomu a mafunso amene wodwala amayankha yekha.

Fomu yodziwika kwambiri ndi WOMAC, yochokera ku Canada m'zaka za m'ma 1980. Ili ndi mafunso 24: 5 a ululu, 2 a kuuma kwa mfundo ndi 17 a ntchito za tsiku ndi tsiku. Ina ndi KOOS ya 1998, ya mafunso 42 okhudza bondo.

Fomu ili ngati sikelo, ndipo nayo imayenera kuyesedwa. Ofufuza amaona zinthu zitatu. Choyamba, kodi ikuyezadi chimene akufuna kuyeza? Chachiwiri, kodi ndi yodalirika? Munthu amene matenda ake sanasinthe akafunsidwanso patatha sabata imodzi kapena ziwiri, mayankho ayenera kufanana. Chachitatu, kodi imaonetsa kusintha wodwala akapeza bwino atalandira mankhwala, mafizo kapena opaleshoni?

Kwathu kuno vuto lalikulu lili pa choyambacho. WOMAC imafunsa za kukwera masitepe, kulowa m'galimoto, kuvala masokosi ndi kulowa m'bafa losambira chogona. Mayi wa ku Mgona amene amanyonyomala pachimbudzi chokumba, kuwerama pochapa ndi kusenza ndowa kuchokera pakiyosiki, mavuto ake enieni safunsidwa mokwanira. Bambo wonyamula mabelo a fodya kapena matumba a chimanga ku Kanengo angaoneke ngati ali bwino pafomu, chonsecho ganyu wamukanika. KOOS imafunsa za kugwada ndi kunyonyomala, koma m'gawo la masewera, pamene kwa ife ndi moyo wa tsiku lililonse.

Kumasulira kokha sikukwanira. Fomu imamasuliridwa m'Chichewa, wina n'kuibwezera m'Chingerezi, kenako imayesedwa pa odwala enieni. Ntchito yotere inachitikapo m'Malawi: mu 2017 Linda Chokotho ndi anzake anasindikiza mu Malawi Medical Journal kafukufuku woyesa EQ-5D ya Chichewa pa anthu ovulala mafupa. Koma EQ-5D imafunsa za umoyo wonse m'magawo 5, ndipo fomu yoyesedwa pa ovulala iyenera kuyesedwanso pa odwala nyamakazi.

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya mukapatsidwa fomu, werengani funso monga lalembedwera, osalisintha kapena kuyankhira wodwala. Funsani pamalo oduka mphepo, chifukwa agogo ambiri amachepetsa ululu wawo pamaso pa ana. Funso likakhala losagwirizana ndi moyo wa munthuyo, musalote yankho: lembani kuti silikumukhudza, ndipo dziwitsani oyang'anira kafukufuku. Zolemba zanuzo ndi zimene zimasonyeza mafunso oyenera kukonzedwa.