Manda a Zifanizo Ziwiri a ku Canterbury

Popeza mwezi wa Novembala tikumbukira akufa, tati tikusimbireni za amisiri akale a ku Ulaya, amene ankasema miyala ya pamanda. Kumeneko akulu ambiri sankaikidwa kunja iai, koma m'nyumba ya Mulungu momwemo, kuti odzapembedza, poona manda ao, awapempherere.

M'tchalitchi lalikulu la ku Canterbury, m'dziko la Angelezi, muli manda a Henry Chichele, amene adakhala Arkiepiskopi wa kumeneko kuyambira 1414 kufikira imfa yache mu 1443. Mandawo ali ndi nsanja ziwiri. Pamwamba mmisiri adasema mkuluyo ali chigonere, atavala chisoti ndi zovala zonse za uepiskopi, zopakidwa utoto wowala, manja ataphatikiza ngati apemphera. Koma mukawerama ndi kusuzumira kunsi, pakati pa timizati, muona munthu yemweyo wagona pa nsalu ya maliro, wopanda chovala, nthiti zili poyera, masaya atalowa, miyendo yoonda ngati nkhuni zouma.

Ife tiyesa kuti luso leni-leni lili kunsiko. Kukometsa mkulu amisiri ambiri akhoza, pakuti ndiye mwini malipiro. Koma kutenga mwala wolimba, kuusema mpaka uoneke ngati khungu lofota lomamatira ku mafupa, osabisa kanthu, kufuna dzanja lodekha ndi mtima wosaopa.

Tsono chodabwitsa nchakuti manda amenewa sadawamange adani ache. Adalamula ndiye mwini, nawamangitsa akali moyo, pafupi ndi guwa lalikulu, penipeni poonekera. Motero zaka zoposa khumi munthu amene mafumu ankamfunsa nzeru ankalowa kukachita Misa, naona mtembo wache womwe uli gone pamenepo. Ha! Ndani mwa ife angapirire zotere ngakhale Lamulungu limodzi?

Ndipo sadaganizire mzimu wache wokha. Mu 1438 adakhazika ku Oxford sukulu yaikulu yochedwa All Souls, ndiye kuti mizimu yonse, kuti ophunzira ache azipempherera akufa, makamaka amene adagwa pa nkhondo ya Angelezi ndi Afalansa. Tchalitchi la ku Canterbury lidachoka m'manja mwa Akatolika m'masiku a mfumu Henry VIII, ndipo zifanizo zambiri za m'dzikomo zidaphwanyidwa pambuyo pache. Koma manda awa adatsala, ndipo a sukulu ija ndiwo akhala akulipira amisiri okonzanso utoto wache ukasuluka.