KAMAKINA KA BP: PHINDU KAPENA KUTAYA MAKOBIRI?

Ife ageni sitigula kanthu osawerengetsera. Tsono lero tiyeni tiwerengetsere limodzi nkhani ya mayi anga, gogo wokhala yekha kumudzi kufupi ndi pa Nsanama, m'boma la Machinga.

Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Kale ndikangomva kuti mayi mutu wawagwira, ndinkatseka benchi, ulendo pa minibasi kudzera ku Zomba ndi Liwonde, kenaka kabaza mpaka kumudzi. Masiku atatu osagulitsa, makasitomala kupita kwa anzanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thiransipoti inakwera moti mpamba unayamba kudyeka.

Mpamene ndinagula zinthu zitatu: kamakina koyezera BP, foni ya mabatani ndi kasola kotchajira. Kamakinako kanandidya ndalama yofanana ndi maulendo awiri obwereza. Mwana wa achemwali ankawayeza m'mawa uliwonse nkunditumizira manambala. Akamapitirira 140 pa 90 masiku otsatizana, ankawaperekeza kuchipatala. Atangondipulumutsa maulendo awiri, kamakina kanali katabweza kale ndalama yake.

Musaipeputse nthendayi, abale. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri osadziwa nkomwe. Imabwera mwakachetechete, mapeto ake sitiroko.

Koma nkhani siithera pamenepo. Mtsikana uja atapita ku sekondale yogonera konko, kamakina kanangokhala m'chikwama. Maso a mayi satha kuwerenga manambala, mabatire anatha, mankhwala anayamba kulumphitsa. Tsiku lina anagwa kuseri kwa nyumba, foni ili m'nyumba pa tchaji. Anawatola ndi mayi wina wochokera kumjigo, dzuwa litakwera kale. Mwamwayi anadzuka, koma ine tulo ndinasowa sabata yathunthu.

Ngakhale azungu anakumana nazo. Ku England boma linayesa makina oyang'anira odwala ali kunyumba pa anthu oposa 3,000 ku Kent, Cornwall ndi Newham. Zotsatira za 2013 zinaonetsa kuti phindu lake silinafanane ndi ndalama zomwe zinalowa. Kwathu kuno chomwe chinagwira mseu nchosavuta: Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, munthu kuimba ulere nkulankhula ndi wazaumoyo. Kumapeto kwa waya kuli munthu, ndiye chinsinsi chake.

Lero mayi uja wa kumjigo ndimamutumizira kangachepe pa foni mwezi uliwonse. Amawayeza, amaona kuti mankhwala amwedwa, madzulo amandiimbira. Zonse pamodzi ndi mabatire ndi mayunitsi sizifika pa ulendo umodzi wa minibasi.

Tsono anzanga a m'misika, musanagule kamakina funsani kaye: adzayeze ndani? Manambala akakwera, adzawakweze pa njinga ndani? Ndalama ya munthu ameneyo iikeni m'bajeti poyamba, ya makina pambuyo. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma lamulo silitunga madzi, makinanso saphika phala.

Pa Khirisimasi benchi ndidzatsekabe. Mayi anandiuza pa foni kuti, "Manambalawo mukuwaona, koma nkhope yanu ine ndidzaiona liti?"